Mbuzi za Amfumu ndi Khasu la Adzukulu

Padangokhala.

Tili tonse.

Panali mudzi wina m'munsi mwa phiri la Michesi, kufupi ndi Migowi m'boma la Phalombe. M'mudzimo munali mayi wina dzina lawo Anangondo. Mawu awo ankachoka pachigayo n'kukamveka kudambo popanda chokuzira mawu. Anali woopa Mulungu ndithu, osati zachiphamaso. Maliro akagwa, oyamba kufika pasiwa nkhuni zili pamutu anali iwo, ndipo wodwala akasowa womudikirira kuchipatala, mphasa yoyamba kupindidwa inali yawo.

Pa 6 Disembala 2016 wailesi zinali ndi nkhani imodzi. Bungwe la maepiskopi a Katolika, Episcopal Conference of Malawi, pamodzi ndi Evangelical Association of Malawi, anamema Akhristu kuti ayende pamsewu kukana bilu yofuna kufewetsa lamulo la kuchotsa mimba, ndipo ku Lilongwe khamu linakafika mpaka ku Nyumba ya Malamulo. Anangondo anamvetsera zonse ali pakhonde akusankha nyemba. Nkhani zitatha anathimitsa wailesi nati: "Ku Lilongwe n'kutali, koma Satana sadikira basi. Ali konkuno."

Lachinayi lotsatira anasonkhanitsa amayi pansi pa mtengo wa mango. Panabwera a Katolika, a CCAP, a Church of Christ ndi a mipingo ya Pentekosite, anthu amene pankhani ya ubatizo sangamalize ngakhale mbale imodzi ya nsima asanakangane. Tsiku limenelo anamvana. Anasankha Anangondo kukhala wapampando, Anachisale msungichuma, nagula kope lolembamo zonse za gulu.

Nkhondo yoyamba inali pamsika. Panali shedi ya bango, mwini wake mnyamata wina amene aliyense ankangomutchula kuti Jenereta. Masana ankaonetsa mpira wa ku England, makarate ndi mafilimu omasuliridwa m'Chichewa. Koma usiku ukakhwima ankachepetsa sipika n'kuika zolaula, ndipo ana a pulayimale, amene analibe ya pakhomo, ankasuzumira m'mipata ya bango. Apa tisanamizane, amayi aja ankanena zoona. Mwana wa Sitandade 4 akayamba kuyeserera pa mnzake zimene waona usiku, kholo lililonse limaumirira thupi. Ngakhale lamulo linali mbali yawo, pakuti kuyambira 1968 dziko lino lili ndi lamulo loyang'anira zoonetsa ndi zosangalatsa, kungoti alonda ake safika m'mashedi a bango.

Choncho anang'amba makatoni, nalembapo ndi makala, namanga maduku oyera, ulendo wa kumsika nyimbo ili pakamwa. Kutsogolo, atanyamula chikwangwani chachikulu, kunali kamtsikana kamasiye kotchedwa Naphiri, kamene kankatsogolera kwaya ndipo kankakhala ndi agogo ake kumapeto kwa mudzi. Amfumu anagamula tsiku lomwelo kuti shedi itsekedwe. Madisiki anaunjikidwa pabwalo, machesi khwee, utsi wakuda tolotolo.

"Amayi, mwandiphera bizinesi," anatero Jenereta.

"Takupulumutsira moyo, mwanawe. Udzatithokoza."

Jenereta sanathokoze. Anagulitsa kanema ndi jenereta yomwe, nawonjezera ngongole, nagula njinga yamoto n'kuyamba kabaza. Dzina lokha ndi limene linatsala. Zolaula zija nazo sizinapse ndi madisiki. Zinasamukira m'mafoni, kudzera kwa anyamata oika nyimbo m'mamemori khadi, ndipo kumeneko kunalibe bango loti munthu n'kuligwetsa. Koma amayi anaona shedi yagwa, mitima inakhala m'malo.

Kupambana kumakoma, ndipo wolawa amafuna kuwonjezera. Gulu linapitanso kwa amfumu ndi pempho lachiwiri. Mtsikana aliyense wotenga mimba asanakwatiwe, makolo ake azipereka mbuzi kubwalo. Dzina lake lizilengezedwa m'matchalitchi onse a m'mudzimo, azichotsedwa m'kwaya, azikhala benchi lakumbuyo. Wina anafunsa motsitsa mawu kuti nanga mwamuna wopereka mimbayo? Anthu anaseka, nkhani n'kupitirira. Amfumu anavomera msanga, pakuti khola lolandirira chindapusa linali lawo.

Chaka choyamba kunalowa mbuzi zisanu ndi imodzi. Chinali chaka choipa. Mu 2017 dziko la India, kumene nandolo wambiri wa kuno amapita, linachepetsa wolowa m'dzikomo, mtengo n'kugwa mpaka alimi a ku Phalombe ankangoyang'ana matumba m'nyumba anankafumbwe akudya. Bambo wina anagulitsa njinga yakapalasa kuti agule mbuzi ya chindapusa. Mayi wina anazula malata awiri padenga. Chaka chachiwiri mbuzi zinali zitatu. Chaka cha 2019 chinatha popanda ndi imodzi yomwe.

Kunali chikondwerero. Anaphika mpunga, anafulula thobwa, abusa ndi akatekisiti anayamika Mulungu kuti mudzi wonse mulibe mtsikana woyembekezera. Midzi yoyandikana inayamba kuitana Anangondo kuti akaphunzitse chinsinsi chake, mpaka kufupi ndi Chiringa ankapita, atakwera kabaza wa anyamata ena, poti wa Jenereta sankamukwera.

Tsono m'mudzimo munali nkhalamba ina, Ambewe, mkulu wa adzukulu. Iwowa anakumba nawo manda mu Malichi 1991, Napolo atatsika m'phiri la Michesi ndi miyala ndi mitengo n'kukokolola anthu ndi nyumba zawo. Munthu amene anaona zimenezo salankhula zambiri, komanso saopa munthu. Tsiku lina pochokera kumanda, kumene anakaika mtsikana wa Fomu 1 amene ankati wafa ndi malungo, Ambewe anayenda mbali imodzi ndi Anangondo, khasu lili paphewa.

"Mayi, ndamva kuti kukhola kwa amfumu sikukulowanso mbuzi."

"Ndi chisomo, agogo."

"Chisomo ndithu. Koma khasu langali dothi silikuuma. Uyu ndi wachiwiri chaka chino."

"Imfa ndi ya Mulungu, agogo."

"Indedi. Kungoti malungo a masiku ano akusankha. Sakugwira anyamata, sakugwira ife okalamba. Kafunseni amayi osambitsa maliro, ngati angakuuzeni."

Anangondo sanakafunse. Mumtima anati ukalamba wayamba kuwasokoneza Ambewe, ndipo Lachinayi anawaika m'mapemphero.

Kenako kunabwera Covid-19. Pa 23 Malichi 2020 sukulu zonse zinatsekedwa, ana n'kukhala pakhomo miyezi yambirimbiri. Naphiri tsopano anali ndi zaka 17, ali Fomu 2 pasukulu yoyendera. Kunyumba kunalibe sopo, kunalibe mafuta odzola, nthawi zina ngakhale mchere. Nyengo ya nandolo itafika, pamsika panakhazikika venda wina ndi sikelo yake. Anali waulemu, wosekaseka, wa foni yaikulu. Anayamba ndi kumuwonjezera pa sikelo, kenako sopo, kenako kumuonetsa za m'foni muja amvekere ndi mmene amachitira anthu otsogola, kenako lonjezo la ukwati. Nandolo atatha anakweza matumba pa lole ya ku Limbe, ndipo nambala yake siinapezekenso.

Sukulu zikutsegulidwa, Naphiri anali atadumphitsa kawiri.

Anaganiza usiku wonse kuti angauze ndani. Agogo ake mbuzi akanaitenga kuti, munthu wopanda ndi nkhuku yomwe? Ndiye anakumbukira mayi amene ankamutcha mwana wawo pamaso pa anthu. Dzuwa litapendeka anapita, nagwada pakhonde.

"Odi, Amayi."

"Ee, Naphiri mwana wanga! Lowa, khala apa. Wabwera bwino, ndimakukamba dzulo lomweli kutsidya uko. Kumeneko zinthu zaipa, mwanawe. Mtsikana wa kwaya ngati iwe, mimba! Mayi ake akulephera kupita ndi kumjigo komwe. Ine ndinawauza kuti bwerani kwathu mudzaone Naphiri, mwana wamasiye koma wodzisunga. Ndikamayenda mutu uli m'mwamba ndi chifukwa cha iwe. Tsono unati bwanji?"

Naphiri anayang'ana pansi nthawi yaitali, akukanda simenti ndi chala.

"Ndimati mundibwerekeko ndalama ya fizi, Amayi."

Anangondo analowa m'nyumba, natenga K15,000 m'thumba la gulu, nalemba m'kope kuti fizi ya Naphiri. Anamupatsanso mbatata zitatu za agogo ake.

Patapita masiku anayi, pakati pa usiku mvula ikuwaza, kunamveka kugogoda. Anali agogo ake a Naphiri, opanda ndi duku lomwe. Anangondo atafika anapeza mwana ali pamphasa, thupi lili moto, zitenje zonse zitanyowa magazi. Panthawi imeneyo m'mudzi monse njinga yamoto inali imodzi yokha. Anakagogoda okha, ndi dzanja lawo.

Jenereta sanafunse kanthu. Anamukhazika mtsikanayo kumbuyo kwake, namumangirira kumsana ndi chitenje, Anangondo n'kukhala kumapeto atamugwira. Mmene ankamangira mfundo ija zinaoneka kuti manja ake anazolowera. Anadutsa m'matope mpaka kukafika pachipatala cha mishoni cha Holy Family tambala woyamba asanalire.

Kutacha, namwino wina wachikulire anatuluka nakhala pabenchi pafupi nawo.

"Ndinu mayi ake?"

"Ndine wa kutchalitchi."

"Akhala moyo. Mukanachedwa pang'ono bwenzi tikukamba zina. Mimbayo ndiye yapita. Wina anamulowetsa phesi la chinangwa, ndipo tizilombo tinafika kale m'magazi."

"Kwathu zimenezi kulibe," anatero Anangondo, mawu akutuluka okha mwachizolowezi.

Namwino anawayang'ana mopanda mkwiyo. "Mayi, inenso ndimapemphera, ndipo chipatala chino sichichotsa mimba. Koma otere timawalandira, sitingawabweze. Lamulo likuti mkazi wochotsa ndi zaka 7 kundende, womuchotsa zaka 14, pokhapokha ngati ndi kupulumutsa moyo wa mayi. Lamulolo lilipo chikhalire. Koma a College of Medicine ndi a Guttmacher Institute atawerengera anapeza kuti mu 2015 mokha mimba pafupifupi 141,000 zinachotsedwa m'Malawi muno. Kodi onsewo amachokera kumidzi ya eni? Mudzi umene umati kwathu kulibe ndi umene umatitumizira ana mochedwa."

Masana Naphiri anatsegula maso. Ataona amene wakhala pambali pa bedi anatembenukira kukhoma.

"Amayi, ndalama zanu zija ndidzabweza."

Apo m'pamene Anangondo anazindikira kumene K15,000 ya amayi a mapemphero inapita. Anakhala chete mpaka botolo la diripi linatsika theka.

"Mwanawe, tsiku lija unabwera kudzandiuza chiyani?"

"Munali mutayamba kale kulankhula, Amayi."

Panja anapeza Jenereta akupukuta mpando wa njinga ndi udzu. Anamufunsa mtengo, iye nati angolipira mafuta. Akuwerenga ndalama, mnyamatayo anawonjezera osawayang'ana: "Uyu ndi wachinayi kumunyamula usiku chonchi. Awiri pobwerera sanakwere njinga."

"Bwanji sunanene?"

"Ndikananena kwa ndani, Amayi? Kwa inu?"

Lachinayi Anangondo anabwera ndi kope lija. Sanatchule dzina. Anaphimba ndi chala, nawerenga tsiku ndi ndalama, nauza amayi ntchito imene ndalamayo inagwira. Kenako anafunsa amene amasambitsa maliro kuti anene zimene anaona pa atsikana awiri aja. Mayi wina anayamba kulira asanatsegule pakamwa. Wina anati iye anadziwa, koma anaopa kuti akanena aoneka ngati akutsutsa ntchito ya Mulungu.

Anachisale anaimirira. Iwowa sanali munthu woipa, analera okha ana asanu bambo atatsikira ku Joni osabwerako, ndipo onse anawalera ndi mwambo. "Ndiye mukuti titani, amayi anzanga? Tiziombera m'manja tchimo? Mukachotsa manyazi, ana awa atiberekera pakhomo ngati mbira. Mwanayo anachimwa kawiri, ndipo anatinamiza."

"Anachimwa, sindikukana," anayankha Anangondo. "Ine ndinayenda pamsewu kunena kuti wa m'mimba ndi munthu. Ndikutero lero, ndidzatero mawa. Koma munthu ameneyo ife tinamuikira mtengo. Tinati kuti abadwe m'mudzi muno, palowe mbuzi, mayi ake atchulidwe m'matchalitchi anayi, sukulu ithere pomwepo. Wochotsa uja anatchula mtengo wotsika kuposa wathu, ndipo iye salengeza. Inu mukanakhala mwana wa zaka 17 wopanda mayi, mukanapita kwa ndani?"

Anakangana mpaka nkhuku kulowa. Amayi asanu anatuluka ndi Anachisale, ndipo mpaka lero amapemphera paokha Lachiwiri. Otsalawo anapita kwa amfumu Loweruka, mudzi wonse utasonkhana.

Zimene anapempha zinali izi. Dzina la mtsikana lisamatchulidwenso kutchalitchi. Mbuzi izichokera kwa mwamuna ndi akwawo, ndipo isamalowe m'khola la amfumu, izipita pakhomo pa mtsikanayo kuti ikaswa pazipezeka sopo ndi fizi. Ngati mtsikana ndi mwana wamng'ono, nkhaniyo si ya mbuzi, ndi ya kupolisi, komanso asamakankhiridwe kubanja, poti kuyambira 2017 malamulo aakulu a dziko salola ukwati munthu asanakwane zaka 18. Akabereka azibwerera kusukulu monga boma linalolera kalekale, amayi a gulu azisinthana kulera khandalo. Amfumu anakanda mutu pa nkhani ya khola ija, koma anthu anali ataombera kale m'manja.

"Chatsala chimodzi, Amfumu," anatero Anangondo, akuyala mphasa pakati pa bwalo. "Tinagwetsa shedi, koma ana akuonerabe. Tikawafunsa akuti amaonera m'mafoni a abambo awo ndi achimwene awo akakhala pa tchaji. Tsono abambo, amene foni yake ili yoyera aiike apa, amayi awiri ayang'anemo."

Kunagwa bata. Bambo wina anakumbukira kuti ng'ombe zalowa m'dimba. Wina anamva mwana akulira kunyumba, chonsecho ana ake onse ndi okwatira. Mkulu wa mpingo wina anagwidwa ndi chifuwa chimene chinamutengera kuseri kwa nkhokwe, osabwerako. Amfumu anatulutsa yawo, naiyang'ana, nati batire yatha. Pamphasa panagona mafoni atatu okha, ndipo imodzi inali ya Ambewe, kafoni ka mabatani kosatha ndi kujambula komwe. Sabata imeneyo anyamata a pamsika anadabwa kuona azibambo akubwera mmodzimmodzi madzulo kudzafufutitsa memori khadi. Ena anafufutadi, ena anangogula yachiwiri n'kumaisunga m'chipewa. Nthano siinama, mudzi sunasanduke kumwamba.

Naphiri anachira, nabwerera kusukulu. Kukwaya sanabwererenso, ndipo Anangondo sanamukakamize. Ngongole ija anaibweza iwo ndi ndalama ya mpendadzuwa, nalemba m'kope dzina lawo.

Mu Malichi 2021 wailesi inalengeza kuti aphungu akana kukambirana bilu ya kuchotsa mimba imene phungu Mathews Ngwale anafuna kubweretsa m'Nyumba ya Malamulo. Amayi analuluta pansi pa mango, Anangondo nawo analuluta. Nthungululu zisanathe anatsegula kope nafunsa kuti sabata ino ndani akupititsa nkhuni ndi ufa wa phala kwa mtsikana wa kuseri kwa chigayo, ndipo ndani amuperekeza kusikelo Lachitatu.

Pofika kumapeto kwa chaka chimenecho, m'mudzi muja munali makanda anayi a atsikana a sukulu. Midzi yoyandikana inaleka kuwaitana Anangondo. Pamjigo ankanyogodola kuti mudzi woyera uja wasanduka wodi ya amayi oyembekezera, ndipo a gulu la Lachiwiri ankati tinanena ife. Anangondo ankadutsa khanda la eni lili kumsana, kulipititsa kusukulu nthawi ya buleki kuti likayamwe. Chaka chimenecho Ambewe anaika nkhalamba ziwiri ndi bambo wina wogwa panjinga, basi.

Mimba yachisanu ndiyo inavuta. Mtsikanayo anabwera yekha kwa Anangondo, masana dzuwa likuswa mtengo, ndipo iwo anatseka pakamwa mpaka anamaliza kufotokoza. Mwini mimbayo anali mphwawo wa amfumu, mwana wa mlongo wawo. Kwa Alhomwe mlandu wa mwana umagwera amalume, ndipo amalumewo anali amfumu amene. Nkhani itafika kubwalo, amfumu anati lamulo lija linapangidwa mothamanga, likufunika kuliunikanso bwino mvula ikatha. Mnyamatayo anali atazemba kale kulowera ku Mozambique.

M'mawa mwake, mame asanaume, amayi khumi ndi awiri anafika kwa amfumu atamanga maduku oyera. Anagwada, anaomba m'manja mwaulemu wonse, anafunsa mmene amfumu adzukira. Kumbuyo kwawo Jenereta anali atazimitsa njinga pafupi ndi khola. Mbuzi zisanu ndi zinayi za chindapusa zija zinali zitaswana mpaka khola kuchepa.

"Amfumu, tabwera kudzakupeputsani. Tamva kuti mphwanu wachokapo, ndiye tati musavutike n'kukasaka mbuzi kumsika."

Ambewe, amene palibe anawaitana, anali atalowa kale m'khola chingwe chili m'manja. Anasankha yaikazi yamawangamawanga, Jenereta n'kuimanga pakaliyala.

"Iyayi, iyayi, imeneyo ayi!" anakuwa amfumu, akutuluka nsapato imodzi. "Imeneyo ili ndi bere!"

"Ndiye yabwino kumene, Amfumu," anatero Anangondo. "Kumene ikupitako sakana oyembekezera. Liza njinga, mwanawe."